Phokoso la M'wailesi Lili ndi Mwini Wake

Msodzi wa pa Nyanja ya Chilwa akamanyamuka ulendo wa ku zimbowera, katundu wake sachuluka: ufa, mchere, poto, nkhuni, ukonde, chofunda chimodzi ndi wailesi. Kumeneko, m'tinyumba tomangidwa pa udzu woyandama mkatikati mwa nyanja, munthu amatha milungu ngakhale miyezi osaponda dothi. Kulibe msika, kulibe tchalitchi kapena mzikiti, kulibenso nyakwawa yoti imeme anthu pabwalo. Zimene dziko likufuna kumuuza zimadzera pa kabokosi kokwana m'manja awiri. Nthawi amaimva pamenepo. Uthenga wa maliro a m'bale wake wa ku Migowi kapena ku Chiringa, chenjezo la mphepo ya mwera, tsiku lotsekera nyanja, zigoli za Bullets ndi Wanderers, zonsezi zimadzera pomwepo.

Ine ndinakulira kugombe la kumwera kwa nyanjayi, mbali ya Phalombe, kufupi ndi doko la Swang'oma, ndipo zambiri za wailesi ndinaziphunzira kwa atsibweni anga, msodzi wa matchera ndi miono. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali ndi mfundo imodzi imene ndakhala ndikuisinkhasinkha mpaka ukulu uno. Ankati phokoso lililonse la m'wailesi lili ndi mwini wake. Munthu akabwera kudzadandaula kuti wailesi yake yafa, iwo sankathamangira kuimasula. Ankayamba ndi funso: "Achimwene, ikulira bwanji? Ikungoti shiii, ikuthetheka, kapena mukumva anthu awiri akulimbirana pakamwa?" Yankho lake ndi limene linkawauza ngati vuto lili m'mabatire, mu eriyo, m'mitambo kapena kutsidya kwa malire.

Masiku amenewo wailesi inali chuma. MBC, imene inayamba mu 1964, inakhala yokhayokha m'dziko muno kwa zaka pafupifupi 30, choncho panalibe zosankha zambiri. Nkhani inali yoti uigwire bwino basi. M'midzi mwathu munkapezeka mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre, a Supersonic obwera ndi anthu ochokera ku Zimbabwe, ndi a Xirico amene anachuluka abale athu a ku Mozambique atathawira kuno nkhondo imene inatha mu 1992. Wailesi inkasokeredwa malaya akeake a nsalu yolimba, okhala ndi lamba wokolekera paphewa. Mwana sankaigwira popanda kutumidwa. Inkatsegulidwa mbandakucha pa Tadzuka Sitidziwa Anzathu, n'kupumula masana, n'kudzalankhulanso pa Kapalepale, pa Pamajiga kapena pa Nkhani za M'maboma. Ulemu wonsewu unali ndi chifukwa: aliyense ankadziwa kuti ikawonongeka, ina sidzabwera msanga.

Malo athu ndi ankhanza kwa wailesi kuposa malo ambiri. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathira m'menemo, koma madziwo amachoka pokhapokha dzuwa likawaphwetsa, mchere n'kutsalira. N'chifukwa chake madzi a Chilwa ndi amchere, ndipo mcherewo umakula nyanja ikamatsika. Dontho limodzi likagwera pa tizitsulo togwira mabatire, pakapita masiku pamamera dzimbiri, ndipo pa waya wa kopa pamachita zobiriwira. Moto wa batire umalephera kudutsa bwino, mawu amayamba kudukaduka, mwini wake n'kumati wailesi yakalamba. Chonsecho mankhwala ake ndi kupala tizitsulo tija ndi kansonga ka mpeni mpaka tiwale.

Wailesi ikagwera m'nyanja, chinthu choyamba ndi kuchotsa mabatire nthawi yomweyo. Ambiri amalakalaka kuiyatsa kuti aone ngati yapulumuka, ndipo ndi pamenepo pamene amaipha, pakuti moto ukadutsa m'madzi amchere umapsereza njira zake zam'kati. Yotere imafunika kuitsegula kumbuyo, kuitsukuluza ndi madzi oyera kuti mchere uchoke, kenako kuiumitsa pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Kuiyanika padzuwa la Okutobala kumapinditsa pulasitiki ndi kuumitsa pepala la sipika mpaka ling'aluke.

Mdani wachiwiri, pambuyo pa mchere, ndi utsi. Amene anawambapo milamba amadziwa mwaye wamafuta umene umakakamira pa chilichonse chili pafupi ndi ng'anjo. Ukalowa m'kabatani kokwezera mawu, wailesi imakhekheretsa nthawi iliyonse munthu akapotoza. Wachitatu ndi fumbi, limene timalidziwa bwino m'zaka zimene nyanja yaphwa, monga 1968, 1995 ndi 2018, pamene anthu ankafika pa chilumba cha Chisi wapansi ndipo mphepo inkanyamula dothi la pansi pa nyanja kulowa nalo m'nyumba. Wachinayi ndi mphemvu, zimene zimakonda mdima wa m'bokosi ndipo zimasiya ndowe zowononga mawaya. Atsibweni ankasunga wailesi yawo m'chigubu chodula pakamwa chokhala ndi chivindikiro, atayala kansalu kouma pansi, ndipo ankaikoleka kutali ndi moto. Jumbo yomanga pakamwa ankaikana, chifukwa ikatenthedwa imachita thukuta mkati.

Za mabatire tili nazo miyambo yambiri, ina yothandiza, ina yowononga. Kuyanika batire lotha padzuwa kumalidzutsadi pang'ono, chifukwa kutentha kumafulumizitsa mankhwala otsalira mkati mwake, koma sikuwonjezera mphamvu ina iliyonse; likhoza kukufikitsani kumapeto a nkhani za madzulo, osapitirira apo. Kuliluma kapena kulisinja ndi mwala kumaboola chikopa chake, madzi ake n'kuyamba kudontha ndi kudya zitsulo. Kusakaniza latsopano ndi lakale ndi kutaya ndalama, pakuti lakale limabwezera mnzake m'mbuyo ndipo ndi limene limayamba kutuluka madzi. Wailesi ikakhala kuti sigwira ntchito kwa nthawi, mabatire achotsedwe. Batire likamatha limadziulula lokha: mawu amasasa pamene woulutsa wakweza liwu, ndipo ukakweza voliyumu ndi pamene amaipiraipira. Phokoso limeneli mwini wake ndi thumba la munthu, osati nyumba youlutsira mawu. Ndiwonjezere kuti batire lotha lisaponyedwe m'nyanja. Madzi opanda potulukira amasunga chilichonse tawapatsa, ndipo matemba ndi makumba amene timadya amakulira m'madzi omwewo.

Wailesi ikakhala yaukhondo, mabatire ali bwino, koma ikungoti shiii, apo ndiye kuti mawu akufika ofooka. Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi: phiri likaima pakati, kuseri kwake kumagwa mthunzi. N'chifukwa chake milongoti youlutsira mawu imamangidwa pamwamba pa mapiri, monga la Zomba ndi la Mpingwe ku Limbe. Boma la Phalombe lili m'munsi mwa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo pambali pake pali Michesi. Midzi imene yabisala kuseri kwa mapiri amenewa imavutika kugwira masiteshoni ena, pamene msodzi amene ali pakati pa nyanja, pamalo athyathyathya oyang'anizana ndi Zomba, kawirikawiri amamva bwino kuposa wa kumtunda.

Pa vuto limeneli eriyo ndiyo imalamula. Masiteshoni a FM ali pakati pa 87.5 ndi 108 pa wailesi. Funde la siteshoni imene ili cha pa 100 ndi lotalika mamita 3, ndipo eriyo imagwira bwino ikakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a utali umenewo, ndiko kuti masentimita 75. Amene yake yathyoka akhoza kuikapo waya wa kopa wa muyeso umenewu, n'kumva bwinobwino. Waya wautali wozunguliza denga lonse sathandiza FM monga momwe ambiri amaganizira. Chothandiza kwambiri ndi kukweza wailesi pamwamba ndi kuichotsa pansi pa malata. Nthawi zina kusuntha phazi limodzi kapena awiri kumakwanira, chifukwa mafunde ena amafika atagunda paphiri kapena pa malata n'kubwerera, ndipo pamene akumana ndi anzawo amafafanizana pamalo ena, n'kulimbikitsana pamalo ena. Mawu akamveka bwino mutagwira eriyo n'kuthawanso mutachotsa dzanja, si matsenga. Thupi lanu linawonjezera eriyoyo. Koma waya womangirira pansungwi kapena mumtengo azichotsedwa mitambo ya mvula ikayamba kusonkhana. Panyanja palibe mtengo wautali, ndipo mphezi imasankha chimene chatalika.

Mbali ya MW ili ndi khalidwe lina. Eriyo yake ndi kandodo kakuda kokulungidwa waya kamene kali m'kati mwa bokosi, choncho kukoka eriyo yakunja sikusintha kanthu. Munthu amatembenuza wailesi yonse mpaka mawu alunjike. Mbali imeneyi imamva mphezi. Ching'aning'ani chilichonse chimatumiza mafunde akeake, ndipo wailesi imathetheka ngakhale mvula ili kutali kwambiri moti bingu lake silikumveka. Atsibweni ankaligwiritsa ntchito phokoso limeneli. Mu Novembala, kuthetheka kukamachuluka masana, ankandiuza kuti, "Iwe, kawuze amayi ako aanule matemba." Usiku nako kuli zake: dzuwa likalowa, mlengalenga mwapamwamba mumabweza mafunde a MW kuti agwere kutali, ndiye masiteshoni a maiko ena amene masana samveka amalowerera, mawu n'kumakwera ndi kutsika okha. Pa SW ndi pamene akuluakulu ankasakira BBC ndi Channel Africa ya ku Johannesburg imene inkaulutsa m'Chinyanja, khutu ataligunditsa pa sipika.

Phokoso la anthu awiri olimbirana pakamwa ndi lodziwika kwa aliyense wokhala m'malire. Gombe la kum'mawa kwa Chilwa lagundana ndi Mozambique. Mecanhelas wa m'chigawo cha Niassa ndi Milange wa m'chigawo cha Zambezia ali pafupi nafe kuposa Lilongwe. Nawonso ali ndi mawailesi awo, oulutsa m'Chipwitikizi, m'Chilomwe ndi m'Chinyanja. Pa FM, masiteshoni awiri akayandikana manambala, wamphamvu amameza wofooka, ndipo akalingana mphamvu amasinthanasinthana, wina chiganizo chimodzi, wina chotsatira. Izi zimakula m'mawa wozizira wopanda mphepo, mu Juni ndi Julaye, pamene mpweya wogona pamwamba pa madzi umanyamula mafunde kuwafikitsa kutali kuposa masiku onse. Kunonso kwathu masiteshoni achuluka. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndi limene limagawa manambala, ndipo kuyambira pamene Radio 2 inatsegulidwa mu 1997, Radio Maria mu 1999, Zodiak mu 2005 ndi ena ambiri pambuyo pake, mpata pakati pa siteshoni ndi inzake wachepa. Wailesi yotsika mtengo imalephera kuwalekanitsa. Chimene munthu angachite ndi kupotoza kabatani pang'onopang'ono, kupendeketsa eriyo mbali ndi mbali, nthawi zina kuifupikitsa kuti wamphamvu uja achepe ukali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atsibweni sankakwiya nalo phokoso limeneli. Ankati amenewo ndi abale akupereka moni. Ndipo n'zoona: mbumba zambiri za ku Phalombe zili ndi mizu kutsidyako, asodzi a mbali zonse ziwiri amakumana pamadzi omwewo, ndipo mvula imene wailesi ya kutsidya yalengeza ndi yomweyo imene idzatinyowetse ife mawa lake.

Pali phokoso lina limene iwo sanakhale nalo nthawi yaitali, koma lero ndi limene lafala. Sola yafika m'midzi ndi m'madoko, ndipo yatithandiza kwambiri: ana akuwerenga usiku, mafoni akutchajidwa pakhomo. Koma invata yotsika mtengo, tchaja ya foni ndi mababu ena a LED zimagwira ntchito podula ndi kulumikiza moto kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo potero zimamwaza mafunde amene wailesi imawatola. Kulira kwake ndi kung'ung'udza kosalekeza kumene kumakhala pa masiteshoni ambiri nthawi imodzi. Injini ya boti, njinga yamoto ya kabaza ndi jenereta ya pa vidiyo sho nazo zili ndi kwawo: kugogoda kumene kumafulumira injini ikakwezedwa moto. Kupeza mwini wake n'kosavuta. Zimitsani zipangizo chimodzichimodzi wailesi ikulira, kapena itulutseni panja ili pa mabatire ake. Phokoso likamachepa pamene mukutalikira nyumba, ndiye kuti gwero lake lili m'nyumbamo. Mamita ochepa pakati pa wailesi ndi invata amathetsa zambiri, ndipo wailesi yotchaja ndi bwino kuitchaja masana n'kumvera madzulo itachotsedwa pa waya.

Apa ndi pamene mfundo ya atsibweni imandigwira mtima. Kale phokoso linkachokera kutali, kumitambo kapena kutsidya, ndipo munthu ankangolipirira. Lero mwini wake nthawi zambiri ndife eni nyumba, koma ndi lero lomwe pamene tafulumira kuloza chala. Ndamvapo anthu padoko akunyoza siteshoni kuti yatha ntchito, wailesi yawo itatsamira batire la sola pomwe mafoni a mudzi wonse akutchajidwa. Ena amaimenya khofi, ikakana n'kuitaya kudzala. Funso loti ikulira bwanji lasowa wolifunsa. Akonzi a mawailesi amene ankakhala pakhonde la sitolo m'misika, chitsulo chowotcherera chili pa mbaula, akucheperachepera, ndipo sindiwaimba mlandu. Mawailesi ambiri a masiku ano, aja a memori khadi ndi tochi kutsogolo, anapangidwa mosaganizira wokonza, ndipo mtengo wokonzetsa umayandikira wa kugula ina. Komabe ambiri mwa amene amatayidwa amakhala atangoduka waya umodzi, kapena batire lake lam'kati litafufuma chifukwa chosiyidwa padzuwa.

Wina anganene kuti zonsezi n'zachikale, popeza foni ili m'thumba la aliyense. Foni ndi yabwino, ndipo mafoni ambiri ali ndi FM, ngakhale amafuna mahedifoni chifukwa waya wake ndiye eriyo. Koma foni imalankhula ndi munthu mmodzi, pamene wailesi imalankhula ndi bwalo lonse, anthu n'kukambirana zimene amva. Kukambiranaku n'kofunika. Uthenga womveka theka ndi woopsa kuposa wosamveka konse. Munthu akamva "Chilwa" ndi "mwera" koma tsiku lamuphonya chifukwa cha phokoso, akhoza kugona padoko tsiku labata n'kupalasa bwato tsiku la namondwe, ndipo nyanja yathu, ngakhale malo ambiri kuya kwake ndi mamita 2 kapena 3 okha, imautsa mafunde aafupi okwanira kugubuduza bwato lodzaza. Lamulo la atsibweni linali loti chimene wamva m'phokoso usachifalitse mpaka utachimvanso pa nkhani zotsatira kapena utafunsa wa chimbowera choyandikana nacho. Ndikaona mmene mphekesera zimathamangira pa WhatsApp masiku ano, ndimaona kuti lamulo lija silinakalambe.

Anthu a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa kufunika kwa chenjezo. M'Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Makolo ankati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo nthawi imeneyo zinalidi choncho. Koma m'Malichi 2023, namondwe wa Freddy asanafike, a Nthambi Yoona za Nyengo anali atachenjeza kwa masiku angapo kudzera pa mawailesi. Si onse amene anamva amene anali ndi kothawira, ndipo zimene zinachitika ku Nkhulambe ndi madera ena zinaposa chimene aliyense ankayembekezera. Komabe m'masiku otsatira, magetsi atazima, milatho itaduka, mafoni atatha moto, chimene chinatsala chikulankhula m'midzi yambiri chinali wailesi ya mabatire ndi ya sola. N'chimodzimodzi ndi kolera imene inabuka panyanjayi kumapeto a 2015, imene inachititsa kuti mu 2016 katemera aperekedwe kwa asodzi mpaka ku zimbowera: uthenga wa zaumoyo umayenera kufika kwa anthu amene galimoto ya chimkuzamawu singawafikire. Mawailesi a m'madera, monga Chanco Community Radio ya ku Zomba imene imaika mtima pa zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo m'chigwa cha Chilwa, ndi Mzati ya ku Mulanje, ali ndi mwayi wotchula mayina a madoko ndi mitsinje yathu, zimene siteshoni ya dziko lonse singathe kuchita tsiku lililonse.

Choncho udindo uli mbali ziwiri. Eni masiteshoni ndi a MACRA azifika kumagombe ndi kuseri kwa mapiri n'kudzimvera okha mmene mawu awo akufikira, pakuti chenjezo lomveka bwino ku Blantyre koma losamveka ku Swang'oma silinagwire ntchito yake. Oulutsa nawo azibwereza tsiku, malo ndi dzina la mphepo kawiri kapena katatu, mosathamanga, pokumbukira kuti wina akumvera m'phokoso.

Mbali inayo ndi yathu. Pogula wailesi, iyeseni pamsika pomwepo pa siteshoni imene imavuta kwanu, osati pa imene imamveka paliponse, ndipo sankhani yolola mabatire ochotseka kuwonjezera pa kutchaja. Mvula isanayambe mu Novembala, itsitseni pamene yakhala, mupale dzimbiri, muone eriyo, musunge mabatire atsopano pamalo ouma amene aliyense m'nyumba akuwadziwa. Ndipo muphunzitse mwana mmodzi pakhomopo kusiyanitsa kulira kwa batire lotha, kwa mphezi, kwa siteshoni ya kutsidya ndi kwa invata, kuti tsiku limene chenjezo lidzaulutsidwe padzakhale wina wodziwa kulipeza.